Kulapa kwa Mphindi Zisanu

"Ameni," anatero abusa, akuchotsa dzanja pamphumi pa wodwalayo. "Mayi, amuna anu alapa. Mulungu wawakhululukira."

Mayiyo sanadzutse mutu. Anapitiriza kufinya kansalu m'beseni, msana uli waliwali. Inali sabata yachitatu akugona pasimenti, pambali pa bedi lachipatalalo.

"Basi, zatha?" anafunsa. "Bambowa anandisiyira ana anayi n'kukakhala kwa mkazi wina. Lero andibwerera atatheratu, oti ndiziwatembenuza ngati khanda. Ndiye mphindi zisanu zokha, akhululukidwa?"

"Chisomo sichiwerenga zaka, mayi."

"Ine ndimawerenga, abusa. Zakwana makumi awiri ndi zitatu. Ndiye mukuti kumwambako ndikawapezanso?"

Abusa anakhosomola pang'ono. "Koma si inu nomwe munkaimirira m'tchalitchi Lachitatu lililonse, kupempha kuti bambowa atembenuke mtima, abwerere kwawo?"

Mayiyo anatulutsa kansalu m'beseni, kakudontha m'manja. Kenako anausa moyo, anatukula mutu wa amuna akewo mosamala n'kuyamba kuwapukuta thukuta m'khosi.

"Ndinkapempha, sindikana," anatero motopa. "Kungoti ndinaiwala kunena kuti abwere akuyenda okha."