Tsaya la Fletcher Pamaliro

"Musiyeni, chisoni chamutseka pakamwa," anatero amalume ake, Fletcher atakankhanso mbale ya phala.

Pamaliro a mayi ake ku Bangwe, anthu ankamuyamikira kuti akulira mwachimuna, mwakachetechete. Koma mchemwali wake Kondie atamuvula mpango umene unamuphimba khosi ndi masaya, anapeza tsaya litatupa mpaka kukhosi, thupi likutentha. Dzino lakumapeto, lomwe linkamera mopingasa, linali litachita mafinya. Kukamwa kunkakanika kutseguka, ngakhale malovu sankamezeka.

"Amalume, tithamangire naye kuchipatala pompano!"

"Galimoto ndi imodzi, ndipo yanyamula kale bokosi. Akaponye kaye dothi m'manda mwa mayi ake."

Fletcher anayesa kulankhula, koma mpweya unangolira ngati mluzu kukhosi.

"Mwamva?" anatero amalume. "Akuti sangawasiye mayi ake."