Mgolo Wowambira Nyama

"Ingoikanimo mbaula yamagetsi, musatitsamwitse ndi utsi," anatero bambo wina kwa mkazi wake, iye ali khale pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, pomwe ankaswera ndi anzake.

Mayiyo anapitiriza kuboola mgolo womwe ankausandutsa chowambira nyama. "Magetsi alibe fungo, bambo. Ine ndikufuna nkhuni."

"Muzitenga kuti? Ine nkhwangwa sindigwira."

"Musavutike."

Tsiku lina bamboyo anapita kuulendo, ndipo atabwerako anapeza nyama yowamba ili patebulo. Analawa, n'kutsinzina.

"Koma mwaitha, mayi! Nkhuni zake ziti?"

"Za mango. Zimanunkhiritsa bwino."

Bamboyo ananyamula mbale ndi mpando wake kuti akadyere pamthunzi kuseri kuja. Anapezako chitsa chokha, dzuwa likuwomba.