S ndi K Basi

"Bwana, izi zandikanika," anatero wolemba mapulogalamu a kompyuta watsopano. "M'pulogalamuyi mulibemo dzina ngakhale limodzi, ndi zilembo S ndi K basi. Angazimasule ndi amene anaphunzira masamu ovuta aja otchedwa lambda. Ine ndinkawathawa kusukulu."

Pulogalamu yotumiza maambulansi inali itaima chim'mawa. Mwini wake woilemba anachotsedwa ntchito mwezi watha, ati ankangowerenga masamu omwewo anzake akugwira ntchito.

Bwana anamuimbira foni wochotsedwa ntchitoyo.

"Achimwene, tinalakwa ndife. Chonde bwerani, anthu akufera m'makomo."

"Ndikanabwera, bwana," anayankha motsitsa mawu. "Koma mayi anga agwa m'bafa, sakuyankhula. Ndawagwirizira mutu pano. Tikudikira ambulansi."