Ulusi Umene Kangaude Amadula

Padangokhala, dziko likadali lanthete, Kangaude ndi Chiswe, oyandikana nyumba patsinde pa msuku.

Kangaude akamaluka ukonde, ankayamba ndi ulusi wouma woti azipondapo. Akamaliza kuyala ulusi womata, wogwira ntchentche, woyamba uja ankaudula. Zimenezi zinkamuwawa Chiswe, mmisiri amene chomwe wamata sachotsanso.

"Mayi, mphamvu zanu mumaziseweretsa," adatero Chiswe. "Ulusi woti muudula mumaulukiranji? Tiyeni tipikisane, ine ndimange chipinda, inu muluke ukonde, koma pasakhale chodula."

Kangaude adachita manyazi, navomera. Adayamba ndi ulusi womata, koma posowa popondapo miyendo idakodwa, mizere idapiringizana, ndipo kamphepo kochepa chabe kadagwetsa zonse. Chiswe adapambana. Koma atabwera kudzanyada, adapeza ana a Kangaude akulira ndi njala, ntchentche zikungodutsa.

Chisoni chidamugwira. "Pepani mayi, ndalakwa ndine. Lukani monga mumalukira."

Kangaude adayala ulusi wouma uja, nayendapo mpaka ukonde udaima bwinobwino. Kenaka adadula ulusi woumawo, naukulunga, naumeza.

"Ha! Kodi simuutaya?" adafunsa Chiswe modabwa.

"Ndiutaye bwanji, bambo? Ndiwo udandinyamula ukonde usanalimbe. Simuuonanso, koma mizere yonseyi idawongokera pa iwo. Ndauika m'mimba, mawa udzayambanso ukonde wina."

Chiswe adangoti zyoli. Chifukwa cha manyazi, mpaka lero amayenda mobisala m'dothi, ndipo nthano yathera pomwepo.