Pulofesa Pamzere wa pa Chulu

Lamulo limati mkulu aliyense wa yunivesite, asanasaine pulani ya zaka khumi, akakhale mwezi umodzi pakhomo pa wophunzira amene sukulu yakeyo inamuchotsa. Ife anatitumizira a Pulofesa Kadzuwa chifukwa cha mng'ono wanga Akuzike, amene analephera mayeso.

Amayi anachotsa matumba a mtedza m'chipinda chapakati n'kuwayalira mphasa. Kapu yopanda mng'alu inakhala ya alendo. Za mayeso anatiletsa kuzitchula pa nthawi ya chakudya.

Tsiku lachitatu a Pulofesa anatiwerengera pa foni ndime ya m'pulani ija imene ankainyadira: maphunziro onse adzakhala a pa intaneti, kuti mwana wa kuno aziphunzira limodzi ndi wa ku Japan.

"Zabwino," anatero amayi, akusenda chinangwa.

Masana alendowo anafunsa pamene netiweki imagwira, kuti atumize uthenga ku yunivesite. Akuzike anawalozera chulu cha kuseri kwa dimba. A Pulofesa anakapeza anthu asanu ndi awiri ali pamzere, poti pamwamba pake pamakwana munthu mmodzi. Nthawi yawo itakwana, mvula inayamba. Anabwerako thalauza ili matope okhaokha, linthumbu litawaluma m'miyendo, uthenga usanapite.

"Mwanangu, mayeso aja unalembera kuti?" a Pulofesa anamufunsa Akuzike.

"Pachulu pomwepo, bambo, pa foni. Ndinali wachisanu ndi chinayi pamzere."

A Pulofesa anakhala pansi pakhonde. Kenako anafunsa amayi ngati pali malo ena pogwira netiweki, kuti auze anzawo ayambe aimitsa ndime ija.

"Palibe," anatero amayi. "Mawa mulawirire."