Munthu wa Manja a Inki

Idrissa ankagwira ntchito m'nyumba yosungiramo mabuku akale ku Landover. Tsiku lina kutada, abwana ake, a Whitlock, anamulozera bokosi. Sabata yomweyo anali atamuchepetsera masiku a ntchito chifukwa chopita kumzikiti Lachisanu.

"Izi tazilowetsa kale mu kompyuta. Kataye."

M'bokosimo munali zojambula za Mngelezi wina wa m'ma 1840, nthawi imene makina anayamba kulavula nyuzipepala usana ndi usiku. Iye ankajambula anthu atakwiririka m'mapepala mpaka m'khosi.

Atafika pa bini ya zinyalala kuseri kwa nyumbayo, Idrissa anamva makina osindikizira akugunda. Kumeneko kunalibe makina otero. Pafupi ndi mpanda panaima mzungu wa jekete lalitali, manja ake akudontha inki.

"Zaka makumi atatu ndinkawachenjeza kuti adzamira m'mapepala," anatero mzunguyo. "Palibe anandimvera. Wakutuma ndani?"

Idrissa akanatha kungokhala chete, koma mtima unali ukumuwawabe. Anatchula dzina la abwana ake. Anatchulanso msewu wawo ku Bethesda, ngakhale nambala ya nyumba.

Kunalibe mphepo, koma mapepala anayamba kutuluka m'bokosi limodzilimodzi, n'kumakwawa pansi pamzere kulowera kumsewu. Idrissa anamwetulira.

"Nanga anawanyamula kudzawataya ndani?" anafunsa mzungu uja.

Pepala lomaliza silinatsatire anzake. Linabwera n'kumata pansapato ya Idrissa. Atawerama, anaona nkhope yake yomwe itajambulidwa papepalapo, inki isanaume.