Machira a ku Myuziyamu

"Amama, taonani ng'ombe izo," anatero Esnat sitima ikuwoloka mlatho.

Amake, a Ketilina, anayang'ana poti auzidwa. Chiikireni maliro a amuna awo ku Chipangali, sankalira ndipo sankaseka. Esnat anawatengera kwake ku Kabwe, ndipo tsikuli anawakweza sitima ya ku Lusaka kuti akaone myuziyamu, mwina angaiwaleko.

Atalowa, anadutsa ng'oma, mikondo ndi mitsuko. Kenako anaima pa mitengo iwiri yokhala ndi chiguduli pakati, chomangidwa ndi luzi.

Mtsikana woonetsa alendo anafika akumwetulira. "Awa ndi machira, amama. Kalekale, kusanabwere maambulansi, makolo athu ankanyamulirapo odwala popita kuchipatala."

Esnat anagwira mkono wa amake. "Tiyeni tikaone zina."

A Ketilina sanasunthe. Anawerama n'kuyang'anitsitsa pamene luzi linagwira mtengo.

"Amene anamanga apa sananyamulepo munthu," anatero ngati akufunsa mtengo wa mchere. "Luzi lomanga chonchi limamasuka powoloka mtsinje. Pamafunika kuzunguliza kawiri."

"Munkaona agogo anu akumanga?" anafunsa mtsikanayo.

"Ndinamanga ndekha mwezi watha. Machira athuwo sanamasuke mpaka pachipatala, kungoti bambo ake a uyu anafika atazizira kale."

Mtsikanayo anayang'ana pansi. A Ketilina anakonza chitenje chawo n'kutembenukira kwa mwana wawo.

"Esnat, zakale zina zili mbali iti?"